Edina, Pita Nayo Mitu ya Giladiyola

Edina mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigafa, dzuwa litapendeka pang'ono, ndipo ndikukulembera m'kope lomwe ndimalembamo nyimbo za kwaya. Alendo a ukwati apita onse kupatula azakhali ako a ku Mpingu, amene ndikuwamva akukangana ndi mayi ako kuti poto wamkulu uja ndi wa yani. Iwe uli m'nyumba ukupinda zovala. Mawa amuna ako a Yohane akutenga kupita nawe kwawo ku Ntchisi.

Za banja akuuza kale alangizi a ku tchalitchi, ndipo anakutsekera m'nyumba masiku atatu. Ine sindiwonjezerapo kanthu. Ndikuuza za chinthu chimodzi chokha chimene ndimachidziwa bwino, maluwa a giladiyola aja wakula ukuwaona kuseri kwa nyumba yathu. Pakati pa katundu wako ndaikapo kadengu kovindikira ndi udzu wouma. M'menemo muli mitu yake. Ukafuna kuseka, seka, koma uwerenge mpaka kumapeto.

Ndinali wa msinkhu wakowu, ndisanakwatire, pamene ndinapeza ganyu yolima pa nyumba ina ya ogwira ntchito ku Chitedze. Mwini khomo anali mayi wina wamkulu, a Nabanda. Tsiku loyamba ndinafika m'mamawa nkhungu isanachoke, khasu lili paphewa. Nditazungulira kuseri kwa nyumba ndinangoima. Panali mizere iwiri ya maluwa aatali ofika m'chiuno, masamba ake osongoka ngati mipeni, ndipo pa phesi lililonse maluwa anasanjikana kukwera m'mwamba. Ena oyera, ena achikasu, ena a mtundu wa m'kati mwa gwafa wakupsa. A m'munsi anali atamasula, a pakati akungoyamba, a kunsonga akadali otseka, ngati anthu a m'nyumba imodzi amene akudzuka mmodzimmodzi. Chifukwa cha nkhungu ija pansi sipankaoneka, choncho zinkangokhala ngati maluwawo akuyandama. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji.

"Kodi mwabwera kudzalima kapena kudzapenya?" anandifunsa a Nabanda ali pakhonde.

Ine ndinati, "Pepani mayi. Kodi zimenezi zimamera m'dothi lathu lomweli?"

Anaseka mpaka kugwira chipilala. Kenako anatsika, nafukula pansi pa phesi limodzi ndi chala, nandionetsa chinthu chonga anyezi wophwatalala, cha khungu lofiirira. Anati, "Izi sitibzala njere. Timabzala mutu uwu. Duwa lonse mukulionali linagona m'menemu."

Ndinagwira ntchito pamenepo zaka ziwiri. Pochoka kuti ndikakwatire mayi ako, a Nabanda anandipatsa mitu yodzaza manja awiri. Apa ndi pomwe ndinalakwa koyamba, Edina. Chifukwa choikonda kwambiri, ndinaikulunga mu jumbo, n'kumanga pakamwa zolimba, n'kuibisa pansi pa sutikesi kuti fumbi lisaikhudze. Inakhala m'menemo chilimwe chonse. Mvula yoyamba itagwa ndinamasula jumbo ija, ndipo fungo lake linandithamangitsa m'nyumba. Yonse inali itasanduka phala lakuda. Ndinapalasa njinga kubwerera ku Chitedze kukapemphanso, koma ndinapeza pakhomo pali anthu ena. A Nabanda anali atasamuka, amuna awo atapuma pantchito, ndipo panalibe wodziwa bwino kumene analowera. Sindinawaonenso. Ndiye umve, mwana wanga: mutu wa duwa ndi wamoyo, umapuma. Usauike mu jumbo. Ukafika ku Ntchisi, kadengu kaja ukakapachike pamthunzi, pomwe mphepo imadutsa, mpaka mvula itabwera.

Uyenera kudziwa mmene ndinalili masiku amenewo. Ndinabwera m'mudzi muno ngati mkamwini. Munda anandilozera ndi atsibweni ako, a Gomani. Mango awa ndinawapeza, nkhokwe ndinaipeza, ngakhale mwala wonolera nkhwangwa unali wa eni mudzi. Palibe anandizunza, koma panalibenso chimene ndikanaloza n'kunena kuti ichi ndinabwera nacho ine. Ndinkati ndikamapalira fodya, maganizo ankachoka. Ndinkaona munda wonse, kuyambira pa chulu mpaka kudambo, utasanduka mizere ya maluwa aja, ikugwedezeka ndi mphepo, ine ndikuyenda pakati pake manja ali kumbuyo. Nthawi zina mayi ako ankachita kundiponyera chibuma kuti ndibwerere ku ntchito.

Kulakwa kwachiwiri ndinakuchita pa msika wa Nsaru. Tsiku lina la msika ndinapeza bambo wina atayala thumba pansi, pamwamba pake pali mulu wa mitu, pambali ataimika chithunzi cha giladiyola wobiriwira ngati thambo.

"Imeneyi ndi ya maluwa awa?" ndinafunsa.

"Omwewa, akulu. Yachokera kunja, yafika dzulo lomweli. Mukachedwa itha."

Sindinafunse kumene amakhala, sindinafunse kumene amalima, sindinatole ngakhale mutu umodzi kuti ndiumve kulemera kwake. Maso anga anali pa chithunzi. Ndinagula, ndinabzala, ndinadikira. Yambiri sinamere n'komwe, chifukwa inali youma kale m'kati ngati chitsononkho. Yomwe inamera inatulutsa timaluwa tating'ono tofiirira, tomwe tija timamera tokha m'dambo mvula ikakhazikika. Mayi ako anaima n'kuyang'ana, manja ali m'chiuno, nati, "Abambo inu, mwakagula kumsika zinthu zomwe ng'ombe zikuponda ulere m'dambomu, eti?" Nkhaniyo inafika kwa atsibweni ako, ndipo chaka chonse ankandipatsa moni wakuti, "Zikumera bwanji za kunja zija?"

Timaluwa ta m'damboto si toipa ayi, ndipo mpaka lero ndimatikonda. Choipa chinali chakuti ndinakhulupirira pepala. Masiku ano zithunzi zotere zikubwera pa foni, zowala kuposa chija ndinaona ine, ndipo iwe foni suisiya. Usagule duwa limene sunalione litamasula pakhomo pa munthu. Ukafuna mitu yabwino, yamba wayenda nyengo ya maluwa, uone yemwe ali nawo, uone ngati masamba ake ndi obiriwira bwino, opanda mizere yotuwa kapena mawanga. Ukatero ulonjeze kudzabwera masamba akauma. Ngati wapita m'tauni n'kupeza ya m'mapaketi m'sitolo ya zaulimi, ufunse kuti inafika liti, ndipo upemphe kuigwira. Mutu wabwino umalemera m'dzanja. Ukaufinya ndi chala chachikulu sulowa. Usatengeke ndi waukulu wophwatalala ngati chitumbuwa, umenewo wakalamba. Sankha wonenepa, wotukuka pamwamba. Usende khungu pang'ono kuti uone m'kati. Ukapeza banga lakuda kapena nkhungu yobiriwira, ubweze, ngakhale wogulitsa atalumbira pa manda a mayi ake.

Mitu yeniyeni ndinaipeza pamene sindinkaifuna n'komwe. Kwaya yathu inapita kukaimba ku Nambuma, ndipo titalowa m'tchalitchi ndinaona kutsogolo, pafupi ndi gome, botolo lokhala ndi mapesi atatu a giladiyola woyera. Kuwala kwa pawindo kunkagwera pomwepo. Anzanga anayamba nyimbo, ine pakamwa pali yasa, osatulutsa mawu. Nyimbo zonse zinatha ine ndisanaimbe mzere ndi umodzi womwe. Titatuluka ndinafunsa amayi osesa kuti wabweretsa maluwa aja ndani, ndipo anandilozera mphunzitsi wina wopuma, a Chimbalanga, wamtali, woyenda ndi ndodo.

Ananditengera kwawo. Kuseri kwa khitchini yawo kunali zomwe ndinazitaya ku Chitedze, ndi mitundu ina yoposa pamenepo, wina wofiira kwambiri mpaka kuoneka wakuda m'mphepete. Ndinawapempha kuti andigulitse pompo.

"Lero ayi," anatero. "Mukakumba pano mupha mutu. Mubwere mu Juni."

Mu Juni ndinapalasa njinga mtunda wonse uja. Anayang'ana masamba nati, "Sanaumitse. Mubwere pakatha milungu itatu."

Ndinabwerera kunyumba nditakwiya, koma milungu itatu itakwana ndinapitanso. Ndinawapeza atayala kale mitu pa mphasa pansi pa khonde, ataisiyanitsa mitundu ndi timiyala. Anati, "Ambiri amabwera tsiku lomwe aona duwa. Obweranso duwa litafota ndi ochepa. Sankhani." Anakana chilichonse chimene ndinafuna kuwapatsa, koma analandira nkhuku imene mayi ako anawatumizira pambuyo pake. Mitu ili m'kadengu kako ndi zidzukulu za mitu ya a Chimbalanga imeneyo. Kumbukira, Edina, wolima weniweni amakuuza kuti dikira. Wokuuza kuti fulumira zitha, umusiye ndi katundu wake.

Kulakwa kwachitatu kunagwera pa iwe. Chaka chimenecho mayi ako anali oyembekezera, ndipo ndinawerenga miyezi n'kuona kuti ndikabzala kumayambiriro kwa Disembala, maluwa adzamasula nthawi yomwe iwe udzabadwe, poti amatenga miyezi ngati itatu. Ndinkadziona ndikulowa m'chipatala nditafungatira maluwa odzaza mikono, anamwino akupatuka kundipatsa njira. Koma chifukwa chofuna kuti imere msanga, ndinaibzala pamwamba, dothi longophimba khungu. Ndinathiranso ndowe zaziwisi za m'khola la atsibweni ako kuti inenepe. Ina inapsa ndi ndowezo n'kuola. Yotsalayo inakula bwino, inatalika, inayamba kumasula. Tsiku lomwe unabadwa kunagwa mvula yamphepo, ndipo pobwera kudzathyola ndinapeza yonse yagona m'matope, mizu ili m'mwamba. Ndinatola phesi limodzi lopindika, n'kulitsuka pa mjigo, n'kupita nalo. Ndinalibisa kumbuyo chifukwa cha manyazi. Mayi ako anali atagona, iwe uli pambali pawo, kankhope kako katakwinyika ngati wakwiyira dziko lonse.

"Mwabisa chiyani kumbuyoko?" anandifunsa.

Ndinawaonetsa phesi lija. Kenako anati, "Pezani botolo muikemo, lingafote." Linakhala pawindo masiku onse anali m'chipatala, ndipo m'mawa uliwonse linkamasula duwa lina pamwamba pa linzake, lili chipindikire.

Ndiye iwe ukabzale mozama. Ulowetse dzanja lonse m'dothi, kuyambira kunsonga kwa zala mpaka pa mfundo ya mkono, ndipo mutu ukhale pansi pamenepo, nsonga yake italoza kumwamba. Pakati pa mutu ndi unzake pakwane chikhatho. Manyowa akhale owolerana, a chaka chatha, osati otentha a m'khola. Usankhe pomwe dzuwa limafika kuyambira m'mawa, ndiponso pomwe madzi saima mvula ikagwa. Ndamva kuti kwa amuna ako ndi kumapiri, kwa mphepo. Phesi likafika m'mawondo uzike kansungwi pambali pake n'kumanga ndi luzi, momasuka, osati mokhwimitsa. Usabzale yonse tsiku limodzi. Ina lero, ina pakatha milungu iwiri, ina pambuyo pake, kuti pakhomo pasakhale mbee ena akafota. Ngati kuli dimba, ina ubzale m'chilimwe n'kumathirira. Amene unanyamula m'manja dzulo polowa m'tchalitchi ndinawabzala kudimba mu Julayi, ndipo ndinkawayendera kawiri pa tsiku ngati wodwala.

Podula maluwa, udule m'mawa, pamene duwa la pansi penipeni langomasula. Enawo akamasulira m'nyumba. Koma masamba uwasiye, anayi kapena kuposa. Chaka china ine ndinasenga masamba onse maluwa atatha, ati pakhomo paoneke paukhondo, ndipo pokumba ndinapeza timitu tofwapa ngati mtedza wosakhwima. Masamba aja ndi amene amadyetsa mutu wa chaka chamawa. Aoneke onyansa bwanji, uwaleke mpaka achite chikasu okha. Ukatero ukumbe, uyanike pamthunzi, uchotse mutu wakale wofota umene umamatirira pansi pa watsopano, uwaze phulusa pang'ono, usunge.

Chinthu chimodzi unandiphunzitsa ndiwe, ngakhale mwina waiwala. Pokumba, m'mbali mwa mutu waukulu mumakhala tiana tating'ono ngati nandolo. Ine ndinkatisesa n'kutaya kudzala, poganiza kuti n'zinyalala. Uli ndi zaka zisanu unatitola m'chitini kuti tikhale nyemba za masanje. Masewera atatha unakatikwirira kuseri kwa bafa, n'kumathirira ndi kapu yomwera tiyi, ndipo unkatiimbira nyimbo ya Sande sukulu kuti tigone. Tinamera ngati udzu. Ndinafuna kupalira, koma unalira mpaka kudzigwetsa pansi, ndipo mayi ako anati ndikusiye. Chaka chachiwiri unali udzu womwewo, wokulirapo. Chaka chachitatu ndikupita kukasamba ndinapeza mzere wonse wa maluwa achikasu utatsamira mpanda wa bafa. Ndinabwerera osasamba, n'kukudzutsa, n'kukunyamula paphewa kukakuonetsa. Unayang'ana uli ndi tulo m'maso, nuti, "Ndinakuuzani, ababa." Usataye tiana, mwana wanga. Timachedwa, koma timafika.

Tsopano ndikuuze kulakwa kumene ndimachita nako manyazi kuposa konse. Mitu itachuluka, anthu anayamba kubwera kudzapempha. Ine mtima unauma. Ndinkakumbukira maulendo atatu a ku Nambuma, ndi kuseka kwa atsibweni ako, ndipo ndinkati mumtima, munkandiseka, lero mukufuna chiyani? Tsiku lina anabwera a Nasibeko, mnzawo wa mayi ako wa ku Kabudula, amene anali atangoika kumene m'manda mwana wawo wamkazi. Anagwada patali pang'ono nati, "Bambo a Edina, ndimati mundigawireko iwiri yokha ya oyera aja. Mwana uja ankawakonda akabwera kuno."

Ine ndinawayankha kuti chaka chino sinabereke bwino. Linali bodza. Ndinali ndi dengu lodzaza. Anati, "Zikomo, palibe kanthu," nadzuka, nakonza chitenje chawo, napita. Mayi ako sanandiyankhule mpaka tsiku lotsatira.

Kuti anthu asamaione, chaka chimenecho ndinabisa mitu yonse m'dengu limodzi pamwamba pa chigafa, pakona yamdima, ndipo sindinkapitako kuopa kuti wina angandione. Mvula itayandikira ndinakwera kukatsitsa. Dengu linapepuka m'manja mwanga. Makoswe anali atamanga chisa m'menemo, ndipo munatsala makoko okhaokha. Ndinakhuthulira pansi, ndinafufuza ndi zala, osapeza ngakhale umodzi wamoyo. A Chimbalanga anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo ana awo anali atalima chimanga pamalo paja. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka dzuwa kufika pamutu. Mvula ya chaka chimenecho inagwa, kuseri kwa nyumba kunamera chisoso.

Mu Malichi mayi ako anati, "Pompani njinga, mundiperekeze ku Kabudula." Sanandiuze chifukwa. Titafika pafupi ndi nyumba ya a Nasibeko ndinatsika panjinga tisanalowe pakhomo. Kuyambira pakhonde mpaka pa nkhokwe panali maluwa anga, oyera, achikasu, ndi wofiira wakuda m'mphepete uja, ataima m'dzuwa la masana, njuchi zikulowa ndi kutuluka. Ndinatembenukira kwa mayi ako. Iwo anati, "Tsiku lomwe lija munawakaniza, ndinakatapa m'dengu mwanu inu muli kudimba, ndinawathamangira n'kuwapeza pa mlatho. Ngati mukufuna kukalipa, kalipani pano."

A Nasibeko anatuluka, natiyalira mphasa. Ine ndinavula chipewa, ndinayesa kuyamba kupepesa, koma anandidula. "Ndamva za makoswe," anatero. "Mubwere masamba akauma, mudzatenge yomwe mukufuna. Ndi yanu yomwe." Za bodza langa sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Choncho ukamva anthu akufunsa kuti mitu yabwino imapezeka kuti, ine yankho langa ndi lakuti imapezeka kwa anthu amene unawagawira. Usasunge yonse malo amodzi, ndipo usasunge yonse pakhomo pako. Ku Ntchisi ukakhala mlendo monga ndinalili ine kuno. Munda ukakhala wa eni, mitengo ya eni, ngakhale mayina a mapiri ukachita kufunsa. Upemphe apongozi ako kamalo kakang'ono, mwaulemu, ndipo akakuseka kuti maluwa sadyedwa, useke nawo. Akadzamasula, oyamba ukawapatse iwowo. Mayi wina akadzaima pa mpanda n'kumayang'ana osanena kanthu, usadikire kuti apemphe. Umuuze kuti abwere masamba akauma.

Mawa sindikuperekeza ku siteji ya Nsaru. Mayi ako ndi azakhali ako apita, ndipo akalira mokwanira tonse. Ine ndikudzidziwa, ndingakachititse manyazi pamaso pa amuna ako. Ndilawirira kudimba kukathirira. Galimoto ikamatsika kulowa m'dambo, upemphe oyendetsa achepetse liwiro, ndipo uyang'ane kudzanja lamanzere, kupitirira nthochi zija. Ndidzaimika khasu m'mwamba. Usatsike, mwana wanga, ungotulutsa dzanja pawindo. Ndidzaliona.

Ndine bambo ako,
amene anakunyamula paphewa.